Tebulo la Mukwa ndi Loweruka la ba Mweemba

Pa gulu lathu la okushoni la pafoni, pomwe anthu a mu Lusaka amagulitsirana katundu wa m'nyumba mopikisana mitengo, dzina langa limadziwika. Ndikanakonda likanadziwika ndi zina. Ambiri amangodziwa zomwe anawerenga paguluro, ndiye ndati ndifotokoze ndekha, ngakhale mbali yangayi siyondikomera kwenikweni.

Gwero la zonse ndi apongozi. Makolo a mkazi wanga anali atanena kuti afika Lamulungu kuchokera ku Katete, ulendo wawo woyamba kudzaona nyumba yomwe timachita lendi ku Chelstone. Amake Taonga (ndiye mkazi wangayo) anandiuza mosapsatira kuti bambo ake sangadyere pa katebulo kathu kogwedera, komwe mwendo umodzi tinkauchirikiza ndi katoni yopinda. Tsono Lachisanu masana, ndili kuntchito m'tauni, ndinaona pagulu paja chithunzi cha tebulo la mukwa, lalikulu, lonyezimira, mipando itazungulira. Ogulitsa anali ba Mweemba a ku Woodlands. Pansi pa chithunzicho panali mawu ambirimbiri. Ine ndinawerenga mzere woyamba, womwe unali wa mtengo, n'kuyamba kuponya zanga.

(Ndikaona mawu akuti "werengani zambiri" ndimayesa akunena anthu ena. Ndi matenda akale, aphunzitsi anga anawalephera.)

Tinalimbana ndi mayi wina wa ku Roma, dera la mu Lusaka momwemu. Iye akakweza, ine ndikweza, mpaka anatopa. Ndinalipira pafoni nthawi yomweyo. Ba Mweemba ananditumizira uthenga wothokoza, n'kufunsa ngati ndingakonde kuti anditumizire tebulolo pa galimoto Lolemba. Lolemba apongozi akhala atadya kale kawiri, ndiye ndinayankha mwachidule kuti ndidzatenga ndekha. Tsiku sindinatchule. Iwo anayankhanso uthenga wautali woyamba ndi "Zikomo m'bale", ndipo ine ndinaona kuti zikomoyo yandikwanira. Madzulo ake ndinaitana msuweni wanga wa ku Kabwata kuti adzatenge katebulo kakale kaja pamodzi ndi mipando yake yonse. Amake Taonga anandiyang'ana katundu akutuluka.

"Manje ngati ija siinabwele?"

"Mailo m'mawa uzaona," ndinatero, chifuwa chili patsogolo.

Loweruka m'mawa ndinachita hayala kalole ka ba Chanda, bambo wamimba yake, wolankhula ngati wailesi. Tinafika ku Woodlands dzuwa litakwera. Geti inali yokhoma. Ndinagogoda, anandiyankha ndi galu. Ndinaimba foni, yozima. Ndinaimbanso, n'kuimbanso, yozimabe. Ba Chanda anatsika, anazungulira, anasuzumira pa kaboo ka geti, kenako anandiyang'ana mwachisoni.

"Ba bosi, munalipila kale?"

"Ee."

"Awe shuwa. Aba bantu ba pa foni! Mulamu wanga anagula fuliji so chabe, mpaka lelo ali na pikicha. Bakudyani, ba bosi."

Mutu unaima. Ndinaona nkhope ya amake Taonga, ndinaona chipinda chathu chopanda kanthu, ndinaona apongozi atagwira mbale m'manja. Mtima utawira, chala chinathamanga chokha. Pagulu pathu wogula amasiya ndemanga ndi nyenyezi pansi pa dzina la wogulitsa. Ndinapereka nyenyezi imodzi (ikanakhalapo theka ndikanasankha imeneyo), ndinajambula geti, n'kulemba kuti: "Chenjerani ndi ba Mweemba a ku Woodlands. Kawalala! Ndalama alandira, foni azimitsa, geti akhoma. Tebulo kulibe." Ndinawawerengera ba Chanda, iwo n'kuvomereza kuti ndalemba ngati loya. Ndinatumiza, mtima n'kukhala pansi.

Sunakhalitse. Posakhalitsa kagalimoto koyera kanaima kumbuyo kwathu. Munatuluka bambo waimvi wovala suti, buku lopatulika lili m'khwapa, ndi mayi wachipewa chachikulu. Bamboyo anandipatsa moni wa manja awiri.

"Mwachoma bwanji, m'bale? Ndimwe ba tebulo? Ndine Mweemba. Pepani, tenze ku chalichi. Lelo ni Sabata, ise sitigulisa, sitinyamula, na mafoni timazimya. Ninalemba pa gulu, na mu meseji yanu ninabwezapo. Simunaone?"

"Netiweki, ba tate," ndinatero. (Netiweki yandinyamulira machimo ambiri pa moyo wanga.)

"Kulibe vuto. Mwafika kale, ngenani tidye. Zuba ikangena muzanyamula tebulo yanu."

Apa ndifotokoze lamulo limodzi la gulu lathu, lomwe ndinalikumbukira nthawi itatha kale. Wogula akanamizira wogulitsa, wogulitsayo ali ndi ufulu womubwezera ndalama zake n'kupereka katunduyo kwa yemwe anamutsatira pa mtengo. Kunena kwina, ba Mweemba akangowerenga zomwe ndalemba, tebulo lipita ku Roma, ine ndipita ku Chelstone chimanjamanja. Mwayi wanga unali umodzi: foni yawo inali yozima mpaka dzuwa litalowa, ndipo ndemanga imatheka kufufuta. Ndinapisa dzanja m'thumba tikuyenda kulowera pakhomo. Ndisanatsegule n'komwe, mayi Mweemba anali atandiimira kutsogolo ndi kadengu m'manja, akumwetulira.

"Muno pa Sabata mafoni yonse yapumula. Na yanu ipumuleko, mwana wanga."

Ba Chanda anaponyamo yawo mosangalala, chifukwa mphuno yawo inali itamva kale za kukhitchini. Ine ndinaika yanga pang'onopang'ono, ndipo kadengu kanakakhala pa kashelufu m'kakhonde kolowera kuchimbudzi.

Chakudya tinadyera pa tebulo lomwe lija. Linalipo ndithu, lalikulu kuposa pachithunzi, losalala moti ndinkadziona nkhope. Panali mpunga, nyemba, ndiwo za chibwabwa zotendera ndi jagi ya chibwantu chozizira, thobwa lakwawo, zonse zophika dzulo lake. Ba Mweemba anapemphera, ndipo m'pempheromo anatchulamo "m'bale wathu wa ku Chelstone amene mwamutuma kuti adye nafe". Sindinayambe ndamvapo manyazi otere nditatsinzina. Titangoti ameni, ba Chanda anagogoda tebulo ndi chala.

"Ba bosi, si iyi tebulo mwenze kukamba ati kulibe?"

Ndinaponya phazi pansi kuti ndiwaponde, koma ndinamenya mwendo wa tebulo. Unalidi mukwa, chala changa chachikulu chingachitire umboni.

"Bakamba chani?" anafunsa ba Mweemba.

"Ati yabwino maningi," ndinayankha, misozi ikulengeza.

Titadya, anati tikhale pomwepo pa phunziro la masana. Ndinayesa nzeru yoyamba: ndinati ine ndimakonda kutsatira malemba pafoni yanga. Anandibweretsera buku lalikulu la zilembo zikuluzikulu, lolemera ngati njerwa. Ndinayesa yachiwiri: ndinati mkazi wanga akhala akuda nkhawa. Mayi Mweemba anati mkazi amene mwamuna wake ali pa phunziro la mawu alibe chodera nkhawa, ndipo anamuikanso m'pemphero. Ndinayang'ana ba Chanda kuti mwina anamizire kukaona galimoto, koma anali atatsamira mpando, manja pamimba, maso akutsekeka okha. Kunja mthunzi wa mtengo wa mapeyala unkatalika.

Ndiye ndinapempha kupita kuchimbudzi. Podutsa m'kakhonde kaja ndinapisa dzanja m'dengu osayang'ana, ndinatola foni yakuda, n'kuiponya m'thumba. Nditadzitsekera, ndinapeza kuti ndi yozima. Ndinaganiza kuti mayi aja andizimitsira, n'kudina kabatani. Itayaka, panaoneka chithunzi cha tiana titatu tovala mayunifolomu. Ine ndili ndi mwana mmodzi.

Ndisanaganize chochita, foniyo inayamba kulira. Mauthenga onse omwe anali atadikira kuyambira m'mawa analowa nthawi imodzi, ngwee ngwee ngwee, osapumira, ndipo m'chimbudzi cha matailosi phokoso limachita kuwirikiza. Ndinayesa kuizimitsa, inafuna nambala yachinsinsi. Ndinaikulunga m'thawulo, inalirabe. Ndinatsegula madzi kuti abise phokoso, koma madziwo anatha, foni isanathe. Kenako ndinamva kugogoda kwaulemu pachitseko.

"M'bale, muli bwino? Namvela monga foni yanga ilila mu toileti."

Ndinatuluka thawulo lili m'manja, n'kuwapatsa foni yawo ngati mwana wogwidwa ndi shuga. Ndinayamba kufotokoza kuti mafoni akuda amafanana. Ba Chanda, omwe tulo tinali titawathera, anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Manje ba bosi, kawalala ni ndani apa?"

Ba Mweemba anayang'ana ba Chanda, anayang'ana ine. Anatenga foniyo osayang'ana pagalasi pake, anakaiika chafufumimba pakati pa tebulo, n'kunena kuti zonse tiziona dzuwa likalowa. Phunziro linapitirira. Foni inkanjenjemera pa mukwapo mwa apo ndi apo, ine n'kumanjenjemera nayo. Zomwe tinaphunzira masana amenewo musandifunse.

Dzuwa linalowa. Anaimba nyimbo yotsekera, anapemphera, kenako ba Mweemba anavala magalasi awo n'kutembenuza foni. Anawerenga nthawi yaitali. Ndinaona nkhope yawo ikugwa, ndipo kunena zoona apo tebulo ndinaliiwala. Chinandipweteka ndi chakuti munthu wandidyetsa, wandipempherera, ndipo ine ndamuika pamaso pa Lusaka yense ngati wakuba, ndi chithunzi cha geti yake. Anawerenga mokweza, mawu amodziamodzi, kuti akazi awo amve.

"Kawalala? Imwe?" anatero mayi Mweemba, chipewa chili m'manja. "Mwana wanga, wenze unalemba kale ivi pamene wenze kudya?"

Ndinavomera ndi mutu. Ndinapepesa m'zilankhulo zonse zomwe ndimazidziwa, ndinati andipatse foni yanga ndifufute pompano.

"Osafuta," anatero ba Mweemba. "Bantu babelenga kale. Bena baniitana mazina, bena banitetezela. Na ba adimini ba gulu bafunsa ngati tebulo ipite ku Roma." Anavula magalasi n'kuwapukuta pang'onopang'ono. "Mukafuta, bazakamba ati tamulipila. Lembani pansi pake vamene mwaona lelo. Vonse. Tebulo ni yanu."

Ndinalemba nditaimirira pomwepo. Ndinalemba za Sabata, za mizere yomwe sindinawerenge, za mpunga ndi chibwantu. Za kuchimbudzi ndinafuna kulumpha, koma ba Chanda anali akusuzumira paphewa langa n'kundikumbutsa. Nyenyezi ndinapereka zonse. Ba Mweemba nawo analemba ndemanga yawo ya wogula, yomwe ilipobe pansi pa dzina langa mpaka lero: "Amalipira msanga, amalemba msanga. Kuwerenga ndiye akuphunzira."

Tinanyamula tebulo, anthu atatu, mpaka m'kalole. Mtima utapepuka, ndinabwerera m'nyumba mothamanga n'kutuluka ndi mipando iwiri, wina dzanja ili, wina ili. Pakhomo ndinakumana ndi ba Mweemba. Anatsokomola pang'ono.

"M'bale, mipando siili pa malonda. Ninalemba pa laini yachitatu, pansi pa ija ya Sabata."

Ndinaibweza mwakachetechete. Tili m'njira ndinaimbira msuweni wa ku Kabwata kuti andibwereke mipando yanga yakale ija, koma anati waipereka kale kwa mnzake wa kabala ka mowa, ndipo anthu akhalapo. Safunsa anadya phula, ine ndinadya ndi chisa chomwe.

Lamulungu apongozi anafika. Amake Taonga anayala nsalu yabwino pa tebulo la mukwa, n'kuphimba ndi zitenje zomwe tinakhalira: makireti awiri a zakumwa, ndowa yovundikira ndi kampando ka Taonga. Mkaziyo ankangondipatsira mbale mwaulemu woopsa. Apongozi aamuna, munthu wamfupi kale, anakhala pa kireti, chibwano chitangofika m'mphepete mwa tebulo. Anasisita mukwa uja ndi dzanja, anayang'ana uku ndi uku, n'kundiyang'ana ine chokweza maso.

"Tebulo labwino, mkamwini. Kodi m'tauni muno mumagula pang'onopang'ono?"

Ndinati inde, mipando ikubwera. Ndipo sindinaname, pagulu paja pali mipando isanu ndi umodzi ya ku Emmasdale yomwe ndikutsogola pa mtengo. Pansi pake pali mawu ambiri ndithu, ndiwawerenga ndikangopambana.