Maluwa a ulimbo pa ukwati wa mlamu wanga

Mpaka lero ndikatsika minibasi pa Nkope, amayi oyanika usipa amandiitana kuti amake ntchentche. Ndimangokonza chitenje n'kumapita, koma mumtima ndimakhala ndikuwira, chifukwa pa nkhani yonseyi wolakwiridwa ndine, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzandipepesa. Ndikuuzeni mmene zinayendera, muweruze nokha.

Ine ndinakulira pa boma, bambo akunyumba kwawo ndi ku Nkope. Chikwatiwire, abale awo akhala akundiona ngati munthu wopanda manja. Kuyanika usipa sindidziwa, chambo ndikamachipala mamba chimandipulumuka, ndipo tsiku lina nditakwera bwato ndinasanza anthu akuona. Wotsogolera nyimbo yondinyozayi ndi azakhali awo a bambo, mayi wamtali wosadziwa kunong'ona, amene ankauza aliyense kuti mwana wa mchimwene wawo anakwatira chokongoletsa pabalaza. Mawu amenewo ankandipweteka, sindibisa.

Ndiye achimwene anga a ku Joni atanditumizira makina odulira mapepala, ndinati basi, Mulungu wandikumbukira. Kwa amene simunawaonepo, amaoneka ngati kapulinta, koma m'malo mwa inki muli kampeni kakang'ono. Umajambula duwa pa foni n'kulitumiza ku makinawo, kampeni kaja n'kumayenda kokha, kudula pepala mwaukhondo moti sizasi singayerekeze. Koma moyo wa makinawa uli pa kamphasa ka pulasitiki kamene umayalapo pepala. Kamphasako kamakhala komata, kuti pepala lisasunthe likamadulidwa. Kakangosiya kumata, makina onse asanduka chidole.

Mlamu wanga Esinati, mwana wotsiriza wa apongozi, atapeza banja, ndinaimirira pa msonkhano wa komiti n'kunena kuti asavutike kufuna wokongoletsa. Chipata cha maluwa, maluwa a kumbuyo kwa mipando ya akwati, a m'matebulo, zonse andisiyire ine. (Palibe amene anandipempha. Ndinadzipereka ndekha, ndi pakamwa pangapa.) Azakhali anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti tidzaona.

Sabata ya ukwati apongozi anabwera pa boma kudzagula zofunika, n'kufikira kwathu. Apongozi anga ndi munthu wabwino, ndisawanamizire, koma manja awo sakhala chete. Akaona tsache amasesa, akaona ndowa amatunga, akaona chinthu chakuda amachiona ngati mdani. Tsiku limenelo ndinapita kukagula mapepala oyera ndi apinki. Pobwera ndinapeza kamphasa kanga kali pa thandala, pakati pa mbale ndi mapoto, kakuwala padzuwa.

"Kathabwa kanu kaja kanali ndi litsiro loopsa, amake Chisomo," anatero akumwetulira. "Kamachita kugwira zala. Ndalimbana nako ndi phulusa, kakana. Mchenga, kakana. Mpaka ndachita kubwereka sitilo waya kwa aneba. Taonani tsopano."

Ndinakagwira. Kanali see, ngati mbale ya dothi yatsopano. M'mutu mwanga munadutsa mawu ambirimbiri, ena oti sangalembedwe pano, koma pakamwa panatuluka awiri okha.

"Zikomo amayi."

(Inde, ndinathokoza. Ndinapindanso mawondo pang'ono.)

Bambo atabwera ndinawakokera kuchipinda n'kuwafotokozera monong'ona, misozi ili chuchuchu. Mukudziwa chimene anachita? Anaseka. Anaseka mpaka kukhala pa bedi. Atatha anati ndi amayi, amafuna kuthandiza, n'kundifunsanso kuti inenso ndimasiyiranji zinthu zomata pa tebulo. Amuna inu, tsiku lina mudzafa ndi njala nkhokwe ili yodzadza. Ndinaimbira achimwene ku Joni, iwo anati kamphasa kena atumiza ndi wa thiransipoti wonyamuka kumapeto kwa mwezi. Ukwati unali Loweruka lomwelo. Ndinazungulira mashopu onse a pa boma ndikufotokoza ndi manja. Wina ananditulutsira chopondera pakhomo, wina kathabwa kodulirapo anyezi.

Ndinayesa kudula popanda chomata. Pepala linkavina pansi pa kampeni, duwa n'kutuluka ngati ladyedwa ndi makoswe. Ndinamata m'mbali ndi selotepi, tizidutswa ta pakati n'kumanyamuka kukatsamwitsa makina. Ndinaphika kaphala ka chinangwa n'kupaka, pepala linanyowa n'kukwinyika. Nthawi yonseyi apongozi anali pakhonde akusankha mpunga, akundifunsa mokoma mtima ngati ntchito ikuyenda, ine n'kumati ikuyenda bwino amayi.

Nzeru yoipa imabwera ikuseka. Ndikudutsa pamsika ndinaona bambo wina wa ku Chowe, Che Bwanali, amene amagulitsa mbalame zootcha, ndipo pambali pa lichero lake panali tizitini ta ulimbo. Ndinaima. Ndinati kodi chomata si chomata? Chogwira mbalame chingalephere kugwira pepala? Che Bwanali anandifunsa ngati ndikufuna wa mpheta kapena wa njiwa. Ine posafuna zachibwana ndinati wa njiwa. Anandiuza monyadira kuti pa ulimbo wawo mbalame ikangotera, nkhani yake yathera pomwepo. Anayambanso kunena zina zake zokhudza dzuwa, koma wakabaza anali akundiimbira belu, ndiye ndinangogwedeza mutu n'kukwera.

Abale anga, zinatheka. Ndinapaka ulimbo pang'ono pa kamphasa kaja ndi supuni, n'kuyala pepala, kampeni n'kuyenda bwinobwino osaphonya. Duwa loyamba litatuluka ndinavina ndekha m'chipinda. Vuto linali lakuti pomatula, pepala lililonse linkachoka ndi ulimbo wake kumsana. Munthu wanzeru akanaima pamenepo. Ine ndinati izi ndiye zabwino, guluu wapulumuka, maluwa azimatana okha. Zala zinamata, foni inamata, chitseko chinamata, kampeni ndinkachita kukatsuka ndi parafini. Apongozi analowa n'kununkhiza m'mwamba, n'kufunsa ngati fungolo silinali la ulimbo. Ndinati ayi amayi, ndi guluu wa ku Joni. Anati ooh, n'kubwerera ku mpunga wawo.

Loweruka m'mawa ndinali ku Nkope, pabwalo la madyerero, kufupi ndi mathandala oyanikapo usipa. Ndinamanga chipata cha nsungwi n'kuchikuta ndi maluwa mpaka nsungwi osaoneka. Kumbuyo kwa mipando ya akwati ndinayala ena, m'matebulo ena. Ndikuuzeni zoona, kunakongola. Amayi ophika anasiya zipande n'kubwera kudzaona. Azakhali anazungulira chipata chija manja ali kumbuyo, akufunafuna cholakwika, n'kuchisowa. Anangoti kani manja alipo. Mawu amenewo ndinawadikira zaka zambiri, ndipo ndinapita nawo kutchalitchi ngati ndanyamula dzira.

Unali mwezi wa Okutobala. Amene mumakudziwa kunyanja mukudziwa dzuwa lake. Abusa nawonso tsiku limenelo anadzazidwa, ulaliki osatha. Pamene ife timaimba m'tchalitchi, ulimbo wa Che Bwanali unali ukusungunuka pang'onopang'ono n'kuyenderera pa duwa lililonse. Kuseri amayi anali akukazinga chambo. Mbali inayo usipa unali pa thandala. Ntchentche za Nkope yense zinamva kuitana.

Titatuluka ndinathamangira kutsogolo kuti ndikaone ngati mphepo sinagwetse kanthu. Ndili chapatali ndinadabwa kuona maluwa anga oyera ali ndi madontho akuda. Nditayandikira ndinamva akulira. Maluwa, kulira. Duwa lililonse linali ndi ntchentche zake, zina zakufa, zina zikupalasa miyendo, ndipo kamphepo ka kunyanja kanali katawonjezerapo nthenga za nkhuku zososoledwa kukhitchini. Ndinayesa kuchotsa imodzi, duwa lonse n'kunditsatira pa chala. Ndisanaganize chochita, ng'oma ndi nthungululu zinali zitafika kale.

Akwati analowa akuvina, pang'onopang'ono monga mwa mwambo, kuponda kutsogolo, kubwerera m'mbuyo. Kubwerera m'mbuyo kumeneko ndi kumene kunatipha. Velo ya Esinati inakhudza chipata. Iye anapita kutsogolo, velo inatsala. Anakoka, chipata n'kuwerama kumutsatira. Anakokanso, ndipo popeza veloyo anaikhomera ndi mapini pa wigi, wigi inasankha kutsala ndi velo. Mlamu wanga anaima pakati pa bwalo ali ndi mizere ya kumutu yolukidwa mothamanga, wojambula kanema ali pamaso pake penipeni.

Amalume a mkwati, bambo aulemu wawo, Msilamu wochita malonda pa boma, anathamanga kuti agwire chipata chisagwere ana. Anachigwiradi, Mulungu awadalitse, koma nachonso chinawagwira. Pochoka pamenepo mkanjo wawo woyera unali ndi maluwa apinki pamapewa, lina pa ndevu, ndipo kofia inatsala m'mwamba pafupi ndi wigi. Ankangoti subuhanallah, subuhanallah, akuyesa kukutumula dzanja. Amayi awiri anamuphimba Esinati ndi chitenje n'kupita naye kuseri. Anabwerako atamanga duku, maso ali psuu, osandiyang'ana n'komwe.

Nthawi ya chakudya azakhali analephera kupirira. Anaimirira pakati pa anthu, opanda maikolofoni chifukwa sawafuna, n'kufunsa kuti kodi munthu wamkulu, mayi wa ana, angapake ulimbo pa ukwati wa mwana wa eni ake ali bwinobwino? Kapena ndi nsanje? Bwalo lonse linatembenukira kwa ine. Mtima unandiwawa kwambiri, pakuti nsanje ndi Esinati ndinalibe ngakhale pang'ono. Ndinaimirira. Ndinali nditakonzeka kunena zonse, za phulusa, za mchenga, za sitilo waya wa aneba. Ndinatsegula pakamwa, n'kuona apongozi atakhala pa mkeka ndi duku lawo latsopano, tsiku la mwana wawo wotsiriza. Ndinatsekanso pakamwa.

Anaimirira ndi iwowo.

"Alamu, taimani kaye," anatero apongozi, osakweza mawu. "Tayang'anani m'mbale mwanumo. Muli ntchentche? Inu nonse, chibadwire, ndi ukwati uti kuno ku Nkope umene munadya chambo mwezi uno osakupiza ndi dzanja linali? Mwana wangayu wachita dala. Nzeru za pa boma zimenezi."

Anthu anayang'ana m'mbale zawo. Munalibedi ntchentche ngakhale imodzi, zonse zinali pa maluwa anga. Wina anayamba kuseka, wina kuwomba m'manja, mpaka amalume a mkanjo aja anaseka duwa likugwedezeka pa ndevu. Azakhali anakhala pansi akung'ung'udza. Tangoganizani, munthu amene anandiphera kamphasa ndiye akundipulumutsa, ndi bodza, pamaso pa anthu ndi abusa omwe, ndipo ine ndiyenera kuthokozanso.

M'mawa mwake tikutsuka mapoto obwereka, tili awiriwiri, apongozi anandifunsa osadzutsa mutu.

"Kathabwa kaja ndinakaononga ndine, eti?"

Ndinati ayi amayi, si choncho.

"Musandinamize. Ulimbo ndinaudziwa tsiku lomwe lija, amuna anga anali wotchera mbalame. Ndimadikira kuti mundiuze. Esinati akanandikalipira pomwepo, ine n'kumukalipiranso, tikanafuna nzeru limodzi. Koma inu zaka zonsezi mukundigwadirabe ngati ndine mlendo. Kodi ndidzakhala mayi wanu liti?"

Ndinangolimbikira kukwecha poto. Zinandikhudza, misozi inalengeza. Koma ndili m'minibasi pobwerera ukali unabweranso. Ndiye kuti wolakwa ndine chifukwa sindinakalipe? Anamva fungo, anadziwa, n'kubwerera kukasankha mpunga, kundisiya ndikupita kuphompho ndi makatoni a maluwa pamutu. Ndipo mpaka pano bambo akunyumba akaona kanema wa ukwatiwo amabwezera pa wigi paja.

Esinati anakhala nthawi osandiyankhula, tinagwirizana atabereka mwana woyamba. Kamphasa katsopano kanafika kuchokera ku Joni, ndipo ndimakasunga m'sutikesi yokhoma. Maluwa anga tsopano amatuluka oyera bwino, osamata, koma ku Nkope palibe amawafuna. Amayi a usipa amanditumizira uthenga kuti ndiwapangire aja a pa ukwati aja, okoleka pa thandala. Azakhali nawo anaitanitsa awo, apinki.

Pa zimene apongozi ananena zija, ndinalumbira kuti ndasintha. Ndinati tsiku lina akadzangolakwitsa, ndidzawauza pamaso ngati mwana wawo weniweni. Mwezi wathawu anabweranso kudzacheza. Ndili ndi pani yanga yokazingira mazira, ija yakuda mkati yosamatirira, imene ndimaisamala kuposa ana. Ndikuchokera kumsika ndinaipeza pa thandala ikuwala mbee, ukuda wonse utapalidwa, sitilo waya ali pambali pake. Apongozi anaima pakhomo manja ali m'chiuno, akundiyang'ana m'maso, akudikira.

Ndinapuma mpweya wambiri, ndinakonza kukhosi, ndinawayang'ananso m'maso.

"Zikomo amayi," ndinatero. "Yawala."