Tsiku Limene Ndinagwira Mutu wa Apongozi

Abale anga, Mulungu ali ndi njira zambiri zotiphunzitsira kudzichepetsa, koma ine anandiphunzitsa kudzera m'dzino la apongozi. Ndikuuzani monga zinachitikira, mawu a munthu aliyense monga anawanenera, osathirapo mchere.

Ufulu unali utangobwera kumene, ndipo aliyense ankafuna Chingerezi. Ine ndinali pachikamwini ku Madzimoyo, kulima chimanga ndi mtedza m'munda wa kwawo kwa mkazi wanga Agnesi. Malume anga anali atakapempha kale chitengwa, kuti nditenge banja langa tikakhale kwathu, koma apongozi aakazi, aNabanda, anangoyankha kuti, "Tiyambe taona ngati ali munthu wamwambo." Ndiye mwambo ndinkausunga, inu! Tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire ngakhale kuli chitedze. Kuwayang'ana kumaso ayi, kuwayankhula ayi, mawu onse ankadzera mwa mwana wawo.

Loweruka masana ndinkapita kusukulu ya akuluakulu kutchalitchi. Aphunzitsi athu a Tembo ankati, "Chingerezi sichikhala m'mutu, chimakhala m'manja ndi m'miyendo. Mukayamba kuganiza, mwachedwa kale." Akamenya tebulo ndi kandodo kawo n'kunena kuti "Follow me," tonse tinkabwereza mokweza n'kuwatsatira kuzungulira mtengo wa mango. Akati "Help him" n'kuloza munthu, tinkabwereza n'kuthamangira kukamudzutsa mnzathuyo pansi. Liwu la chochita, kenako liwu la munthu womuchitirayo, basi. Wochedwa ankasesa m'kalasi. Ine tsache sindinaligwirepo, ndipo zimenezo zinkandikomera mumtima.

Ndiye linafika dzino lija. Tsaya la apongozi linatupa ngati anabisamo mbatata. Tinamva kuti kukachipatala ka mishoni kwabwera sisitere wachizungu wodziwa kuzula mano, koma Chinyanja chake chinali "moni" yekha, ndipo womasulira wake anali kumaliro.

"Bambo a Petulo," anatero mkazi wanga, "si nanga mumaphunzira? Apa ndiye poonetsera amayi kuti anapeza mkamwini."

Tinapangana bwinobwino. Ine ndikaima pakhomo kuyang'ana khoma, sisitere akayankhula ndikauza Agnesi, Agnesi akauza amayi ake. Mwambo uli pomwepo, Chingerezi chili pomwepo. Chingavute n'chiyani pamenepa?

Titalowa, apongozi anakhala pampando, ine n'kulunjika khoma langa. Sisitere anandigwira paphewa n'kunena mofatsa kuti, "Tell me," kutanthauza kuti ndimuuze vuto.

"Tell me!" ndinakuwa ine, mawu a Loweruka aja.

Anthu amene anali pamzere panja anasuzumira. Sisitere anaphethira, kenako anamwetulira. Ndinadzigwira, n'kuloza tsaya langa, ndipo anamvetsa. Mumtima ndinati, Ambuye, kamodzi kokha aka.

Kenako analoza mano ake n'kunena kuti, "Ask her." Apa ntchito yanga inali yongouza Agnesi kuti awafunse. Koma miyendo ya a Tembo inali itatembenuka kale. "Ask her!" ndinatero, ndipo ndinangozindikira ndaima pamaso pa apongozi, maso ndi maso, ndikufunsa kuti, "Dzino lake ndi liti?"

Anthu inu! Chikwatire ndinali ndisanadziwe kuti ali ndi kachipsera pachipumi. Iwo anakoka chitenje n'kudziphimba nkhope.

"Agnesi," anatero ali m'chitenjemo, "kodi akamwini akuyankhula ndi yani?"

"Ndi khoma, amayi. Langosuntha," anayankha mkazi wanga, uku akunditsina pamkono.

Ndinabwerera pamalo panga ndikunena Tikuoneni Maria chamumtima. Ndinalonjeza kuti pakamwa ndatseka, miyendo ndakhomera pansi. Ndipo ndikanapambana, ndikunenetsa, pakanapanda kachitsulo kaja. Sisitere anatenga chozulira mano, n'kuchigogoda pambale yachitsulo kuti madzi agwe. Go! Ndendende kandodo ka a Tembo patebulo. Pomwepo anati, "Hold her," kutanthauza kuti Agnesi awagwire amayi ake.

Ndani anaganiza? Ine ayi. "Hold her!" ndinakuwa, ndipo ndinadumpha ngati wopsa ndi moto, dzanja lina pachipumi, lina kunkhongo. Duku linagwa pansi. Mutu wa aNabanda, umene ngakhale mthunzi wake ndinkaulambalala, unali pachifuwa panga ngati dzungu lokolola. Agnesi anangoti kukamwa yasa. Apongozi anatsegula pakamwa kuti akuwe, ndipo sisitere, poona kuti wodwala watsegula bwino chotere, analowetsa chitsulo n'kuzula dzino lija nthawi yomweyo.

"Thank you," anatero kwa ine, ali wokondwa kwambiri.

"Thank you!" ndinabwereza, mutu ndikadaugwira.

"Asiyenitu amayi!" anatero Agnesi. Apo m'pamene manja anga anakumbukira Chinyanja.

Pobwerera ndinkayenda kumbuyo kwenikweni, ndikutsanzikana ndi chitengwa mumtima. Ndinkadziona ndikukalambira m'munda wa eni, imvi mbuu, anthu akuloza kuti uyo ndi uja anavula apongozi duku.

M'mawa mwake apongozi anabwera pakhomo pathu n'kukhala kuseri kwa nkhokwe, monga mwa mwambo, ine ndili mbali inayi. Tsaya linali litaphwa.

"Agnesi, uwauze akamwini kuti ndagona tulo. Dzino lapita, manja awo ndi olimba, ndathokoza."

"Akuti athokoza," anatero Agnesi, ngati sindinamve.

"Uwafunsenso, kusukulu kwawoko amaliza?"

Ndinayankha kudzera mwa mkazi wanga kuti ayi, tangoyamba kumene.

Kuseri kuja apongozi anati, "Ngati poyambira pake ndi pamutu panga, pomalizira sindikufuna kupaona. Uwauze atumize malume awo. Akutenge muzipita kwawo, Loweruka lisanafike."

Chitengwa ndinachipeza chotero, abale, osati ndi khasu kapena ulemu, koma ndi mantha a apongozi. Mpaka lero tikapita kukawaona, akangomva njinga yanga amayamba amangitsa duku. Chingerezi sindinachisiye, ndipo ndimathokoza Mulungu chifukwa cha a Tembo. Koma mzungu akayankhula apongozi ali pafupi, ine manja ndimawakhalira.