Thumba Lauluka, Mwini Yunifolomu Watsala Pansi

Kwa Bwana Wamkulu,
Kampani ya Alonda ya Mphamba Wosaphethira,
Dubai.

Bwana wanga wolemekezeka, mwini mapiko,

Ndagwada, ngakhale simukundiona. Ndine Zefaniya Kamtengeni, mlonda wanu wa pageti la nyumba zogonamo anthu ku Discovery Gardens, uja mumamutchula kuti Jefu chifukwa Zefaniya imakutopetsani lilime. Dzina lenileni la kampani ndalibisa kuti lisade, koma inu mukudzidziwa. Ndalemba poyera chifukwa zabwino zomwe mwandichitira zachuluka, ndipo kuthokozera m'chipinda anthu sangamve. Komanso paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

M'mimba mwangamo muli izi. Kwathu ku Dowa ndine mwinimbumba. Mwana wa mlongo wanga, Florah, anapeza mnyamata wa kabaza dzina lake Smart, ndipo chinkhoswe sichingachitike ine atsibweni ake ndisanakhale pamphasa n'kulandira tambala. Akuchimuna anadikira chaka cha mliri wa Korona, anadikiranso china. Tsopano anena kuti mwezi wamawa ukatha ine osaoneka, aiwala za ukwatiwo. Florah ndi woyembekezera, bwana, ndipo mimba siidziwa kudikira. Koma ndisadumphe, ndiyambe ndi kuthokoza monga munthu woleredwa.

Choyamba, zikomo posunga pasipoti yanga. Chiitengereni tsiku lomwe ndinatsika ndege, yakhala m'sefa mwanu, m'bokosi lachitsulo lokhomera ndalama, pozizira bwino, osaona dzuwa kapena fumbi. Mwini wakene sindinasamalidwepo chotero. Ndikapita kukaizonda, mayi a muofesi amandimwetulira n'kunena kuti inshallah, Mulungu akalola, mawa. Mawa lakelo pano lamera ndevu.

Chachiwiri, zikomo pondikumbukira m'nthawi ya Korona. Mzinda wonse unali zii, ndege zikuluzikulu zitangoima pabwalo ngati nkhuku zonyowa, munthu kukagula matimati mpaka kupempha chilolezo pafoni. Inu simunafune kuti tizingogona. Mutamva kuti ndinkakhoma ndowa ndi mbaula pa Mponela, munanditenga pamodzi ndi Mwamba, mnzanga wa ku Chipata, mpaka kunyumba kwanu ku Al Warqa. M'galaja munali mabokosi ataliatali, ndipo munati mmenemo muli ndege. Ine ndinaseka mpaka kukhala pansi, chifukwa ndinkayesa kuti ndege imabadwa yathunthu. Koma ayi ndithu, phiko linali m'bokosi lake, mchira m'bokosi lake, timisomali ta maliveti m'timapepala ngati mtedza wa pamsika.

Tinaikhoma, bwana! Inu mukuwerenga buku n'kumakuwa yalla, yalla, kuti tifulumire, Mwamba atagwira chitsulo kumbuyo, ine ndikumenya. Miyezi inatha mitu yathu itatu ikugundana pansi pa phiko, thukuta lanu likudontha pakhosi panga, madzi tikumwera botolo limodzi. Pamenepo m'pomwe munalonjeza, dzanja lili paphewa langa, kuti mpando wachiwiri ndi wanga tsiku loyamba kuuluka. Ine pakamwa sipasunga. Ndinaimbira mlongo wanga, iye anauza amayi a kutchalitchi, ndipo posakhalitsa ana a m'mudzi monse ankathamanga atatambasula mikono akuti ndi a Zefaniya.

Chachitatu, zikomo pondiyeza. Litatsala tsiku limodzi kuti ndege iuluke munandikweza pasikelo, nsapato zili kuphazi, n'kulemba kulemera kwanga padzanja lanu. Mtima wanga unasungunuka. Ndinati taonani bwana woganizira thanzi la wantchito wake, mpaka ndinakoka mimba kuti ndisakuchititseni manyazi.

Chachinayi ndiye chachikulu, ndipo mundilole ndichitambasule. M'mawa mwake Mwamba anandimeta, nsapato ndinapukuta mpaka kudzionera, tiyi ndinakana kuopa kusanzira ndege yatsopano. Tinafika pa kabwalo kena ka ndege m'chipululu, ndege yathu ikunyezimira. Nditasuzumira mkati ndinapeza pampando panga pali kale munthu. Linali thumba la mpunga lodzaza mchenga, lolemera chimodzimodzi ine, litavala shati yanga ya yunifolomu ndi kapusi yomwe. Munalimanga lamba bwinobwino, mpaka masiki munaliveka, anzanu a pabwalopo akuseka ndi kujambula. Kenako munaima patali n'kundifotokozera kuti malamulo a mliri amafuna anthu atalikirane, ndipo mundegemo ndi mothina.

Apa ndiye ndinaona kuti sukulu ndi yabwino. Ine ndi umbuli wanga sindikanadziwa kuti kachilombo kaja, kamene kanaopa galaja lanu miyezi yonse ija, kamene kamalemekeza chipinda chathu momwe timagona mosanjikizana wina kupumira mnzake, kamene sikakwera basi ya kampani, kanali katatibisalira kumwamba. Munapulumutsa moyo wanga, ndipo sindidzaiwala.

Koma bwana, inauluka! Ndisaname, mkwiyo unandithawa. Injini italira, ndege inathamanga, inathamanga, kenako matayala anangosiya dziko. Mayo ine! Ndinapezeka ndikuthamanga m'mchenga ndikululuta ngati ntchembere, Mwamba akuimba nyimbo ya kwawo foni ili m'mwamba akujambula kanema mpaka anagwa chagada. Ngamila ina yomwe inali kuseri kwa waya inasiya kutafuna n'kutiyang'ana. Chinthu chomwe ndinachimenya ndi manja omwewa a ndowa chinali kuzungulira kumwamba, osagwetsa ngakhale msomali umodzi. Ndinalira misozi yeniyeni, ndipo mpaka lero ndikakumbuka ndimaseka ndekha pageti anthu n'kumandiyesa wozungulira mutu. Mutadutsa cham'munsi ndinakweza manja onse awiri. Inu munabayibitsa, koma thumba silinandiyankhe, linali litayamba kale kunyada.

Chachisanu, zikomo pondikweza udindo kumudzi. Mwamba, posafuna kuti ndichite manyazi, anatumiza kanema uja kwa mlongo wanga osalembapo kanthu. Mukanemamo mukuoneka ndege, ndipo pawindo pali munthu wa kapusi ndi yunifolomu yanga, wakhala mwaulemu. Dowa yonse inaona ndi maso ake kuti Zefaniya wauluka. Ndayesa kuwauza kuti linali thumba, akuti ndikudzichepetsa. Ndalumbira, akuti anthu akalemera amatero kuopa kupemphedwa.

Zotsatira zake n'zokoma zedi. Anyamata alambula bwalo la mpira la pasukulu, azula zigoli, ndipo aphunzitsi aletsa mbuzi kudyera pamenepo kuti ndidzatere bwino. Akuchimuna nawo apeza yankho lomwe ankalisowa. Kale ankati mwina atsibweni asowa njira, ndipo ankatimvera chisoni. Lero akuti munthu wokhala ndi ndege yakeyake akapanda kubwera ku chinkhoswe, ndiye kuti wawaona a Smart kuti ndi anthu wamba a kabaza. Florah anandiimbira akulira, kufunsa chomwe anandilakwira. Zimenezi zinandipweteka kuposa za mpando zija.

Tsopano mliri unapita. Masiki tinataya, ndege zikuluzikulu zikunyamuka usana wonse pamwamba pa mutu wanga. Ndikumva kuti inu ndi thumba mukuulukabe Loweruka lililonse, ndipo sindikuchita nsanje, chifukwa mnzanu wapaulendo wosayankhula ndi wosowa. Ine za mpando ndinazisiya, khalas, zinatha basi. Ndikudziwanso chomwe tchuthi changa chimavutira: mayi a muofesi anati geti silingakhale lopanda munthu.

Pamenepa, bwana, kapolo wanu wapeza nzeru, ndipo ndikuipereka ulere. Likhazikeni thumbalo pageti panga. Yunifolomu lili nayo kale, kulemera n'komweko, silidya, silidwala, silipempha tchuthi, ndipo lilibe mlongo. Anthu a m'nyumba zija sadzazindikira kuti pasintha kanthu, popeza chiyambireni sanandiyang'anepo kumaso. Likakhala pamenepo, tsegulani sefa mundibwereke pasipoti yanga milungu itatu yokha. Ndidzakwera ndege ya anthu onse, kumpando wakumbuyo kwenikweni, ndipo ndidzaibweza yosada.

Ngati zimenezi zavuta, sindikakamira. Tumizani thumbalo ku Dowa, popeza ndi lomwe lili ndi ufulu woyenda. Akalikhazike pamphasa, akaliikire tambala pamiyendo, ndipo mulilangiziretu zokamuuza Florah. Chachikulu n'choti mwezi wamawa usanathe, mmodzi mwa awirife afike kumudzi. Inu amene munatiyeza tonse pasikelo imodzi, sankhani mwa nzeru zanu amene ali munthu.

Ndine wanu wogwadabe mpaka maondo achite zikang'a,

Zefaniya Kamtengeni,
Mlonda wa pageti, wokhoma ndege, atsibweni ake a Florah.