Msau wa Pakati pa Ine ndi a Tembo

Anzanga, za zipsera zili m'mikonomu musamve kwa wina, ndikuuzani ndekha lero kuti nkhaniyi ithe, chifukwa amene akuifalitsa kudoko akuwonjezera zawo, ati ndinalimbana ndi ng'ona. Ng'ona yake iti? Ine ndinalimbana ndi chitsamba, ndipo chitsambacho chinandigonjetsa masana dzuwa likuswa mtengo.

Kwathu ndi ku Nyimba, kuno kwa Mphuka ndinabwera kudzakwatira. Pamalo tikukhala panopa tinasamukirapo chaka chino, mvula itagwetsa nyumba yathu yakale. Aneba athu ndi a Tembo, munthu wamkulu kwa ine, wofatsa, woti akamakamba umachita kusendeza mpando kuti umve. Manje mvetsani bwino apa: a Tembo ali ndi bwato koma alibe ukonde, ine ndili ndi ukonde koma ndilibe bwato. M'mawa uliwonse timapalasa limodzi pa Zambezi, zimene tagwira timagawana pakati. Nditayambana nawo, ukonde wangawo ndikauponya ndili pa chiyani, pa beseni? Ana anga amadya chifukwa cha bwato limenelo.

Pakati pa nyumba zathu panali msau. Sunali mtengo wooneka bwino iyayi, chinali chitsamba chabe chokula mopanda mwambo, nthambi zake zitatambalala mpaka pamitengo imene ndimayanikapo ukonde. Minga ya msau mukuidziwa inu, yokhota ngati mbedza, ikagwira sisiya. Kamphepo kakangowomba pang'ono, ukonde uli m'minga. Madzulo aliwonse anzanga akucheza, ine ndili pansi kusoka mabowo. Tsinde lake linali chakumbali kwa a Tembo, ndiye m'mutu mwangamu nkhani inali yosavuta: chitsamba ndi chawo, achidule. Kwa akazi anga, amake Misozi, sindinakambe kanthu. Ndinati nkhani za malire ndi za amuna.

Ndinaganiza zopita kukawauza mwaulemu. Ndinasamba, ndinavala shati, ndinapita. Anandipatsa mpando, tinakamba za madzi kuti atsika, za mvuu zimene zikuvutitsa pachilumba, za njovu zimene zinadya mapira a uje, mpaka nkhani zonse zinatha, kunatsala msau wokha.

"Koma msau uja wakula, a Tembo," ndinatero.

"Wakuladi, a Daka. Wakula maningi."

"Minga yakenso ija."

"Eee, minga yake si yamasewera."

Iwo akundiyang'ana ngati akudikira kuti nditsirize, ine ndikuwayang'ana kudikira kuti atsirize iwo. Palibe anatsiriza. Ndinatsanzika, ndipo m'njira ndinali kudzitama kuti taonani nzeru, uthenga wafika popanda kukhumudwitsa munthu.

M'mawa mwake tikuchokera kumadzi, ndinangoona amai Tembo akulowa pakhomo pathu atasenza beseni lodzaza masau, ndi kugwada, ndi kupereka kwa amake Misozi. "Atate ake Esinati akuti tibweretse." Amake Misozi analandira bwinobwino, n'kukayanika pamphasa. Ine kukamwa yasa! Ndapita kukadandaula za minga, akundibwezera zipatso? Kodi ndinakamba ngati munthu wanjala? Kapena akundinyengerera kuti nditseke pakamwa? Sindinamvetse, koma masauwo ndinadyako, anali okoma.

Ndinayesanso kachiwiri, ulendo uno tili pakati pa mtsinje, poti pamenepo munthu sangathawe nkhani. Tikukoka ukonde ndinawaonetsa bowo loti mutu wanga ungalowe.

"Onani apa, a Tembo. Pende wamkulu wadutsa pomwepa."

"Pepani, a Daka. Minga ija eti?"

"Minga ija."

"Ndi zovuta. Nafenso dzulo chitenje cha amake Esinati chinang'ambika pomwepo. Pangofunika munthu wolimba mtima ndi nkhwangwa."

"Zoona zimenezo," ndinatero, mtima uli mbee, poti ndinamva ngati alonjeza. Koma pobwerera ndinayamba kudabwa. Munthu akuvomera kuti chitsamba chake chikung'amba ndi zovala za mkazi wake yemwe, nkhwangwa ali nayo, manja ali nawo, akudikira chiyani? Tsiku lotsatira nkhwangwa sinalire. Kunabwera mabeseni awiri a masau.

Apa ndiye mutu unayamba kuzungulira. Ndinati mwina pakamwa sipakugwira ntchito, ndiwaonetse ndi maso. Ndinathyola tinthambi timene tinali pafupi ndi ukonde, n'kutiponya kuseri, pabwalo pawo, kuti akaponda minga amve zimene ndimamva ine. Kutacha ndikutsegula chitseko, tinthambi tonse tija tili pakhomo panga, tosanjidwa bwino, tomangidwa ndi luzi pawiri. Mayo ine! Ndinati basi, afika pa zamankhwala. Sindinatikhudze, ndinatulukira pawindo, n'kupita kumadzi ndikupemphera chamumtima. Tsiku lonse ndinapalasa ndikuwayang'ana a Tembo m'khosi, iwo akungoyimba kanyimbo kawo ka kutchalitchi. Pobwera ndinapeza amake Misozi atasonkhezera tinthambi tija pamoto, akuwotcha mbatata.

Ndinatopa nazo. Ndinati Sondo likubwerali onse akapita kutchalitchi, ndidula ndekha, akabwera ndidzati mphepo. Mphepo yodula ndi nkhwangwa! Koma panthawiyo nzeruyo inandikomera kwambiri. Sondo m'mawa ndinadzimanga kansalu kumutu, ndinati mutu ukuwawa. Anthu atangopita ndinachotsa ukonde pamitengo paja, n'kukauyala pansi chakumbali, kumene ndinawerengera kuti chitsamba sichingagwereko, ndinatenga nkhwangwa, n'kukwawira pansi pa msau.

Amene simunadulepo msau, musayambe. Ndimayesa tsinde ndi limodzi, kani alipo asanu, onse olukanalukana. Ndinadula loyamba, silinagwe. Lachiwiri, zii. Lachitatu ndi lachinayi, chitsamba chili chiimire ngati palibe chachitika, masau okha akundigwera pamsana. Thukuta lili kamukamu, kansalu ka mutu wabodza kaja kanali katanyoweratu, ndipo mutu unali utayamba kuwawa zenizeni. Ndinatema lachisanu ndi mkwiyo wonse wa miyezi itatu. Ndinangomva kuti kwee, kenako chinthu chonse chija chinatembenuka, chinanditenga, tinagubuduka limodzi kutsetsereka, mpaka tinakaima ine ndili chafufumimba, icho chili pamwamba panga.

Ndinayesa kutulutsa dzanja, minga inagwira shati. Ndinayesa kubwerera chambuyo, buluku linalira kuti phwee kuyambira m'chiuno mpaka kubondo, ndipo ndinamva kamphepo kumene sikayenera kufika. Miyendo ndiye inali itamangika zoti sindinamvetse, ndikaponda uku kwina kukukoka. Ndinagona momwemo. Mbuzi ya aneba ena inabwera, inandiyang'ana, n'kuyamba kudya masau pafupi ndi khutu langa.

Sindidziwa ndinakhalamo nthawi yaitali bwanji, koma ndinamva anthu akubwera kuchokera kutchalitchi. Ndinati ndingokhala duu, mwina adutsa. Kenako ndinaona nsapato zakuda zopolisha zitaima patsogolo pa mphuno yanga.

"A Daka? Muli m'menemo?"

"Ndili m'menemu, a Tembo."

"Mwachoma bwanji?"

"Tachoma bwino, kaya inu."

Tangoganizani, munthu ndili m'minga, kumbuyo kuli poyera, ndikuyankha kuti tachoma bwino! M'maganizo ndinali kuona bwato likupita osabwerera. Ndinayamba kupepesa, mawu akutuluka mosokonekera, za mphepo zija ndinaziiwala. Ndinangomva kuwomba m'manja. A Tembo anali atanjuta pansi ndi suti yawo, akundithokoza.

"Zikomo, a Daka, zikomo kwambiri. Mwatithandiza. Miyezi yonseyi ndimaopa kukuuzani kuti mudule msau wanu. Ndimati mukakwiya n'kuchoka ndi ukonde, bwato langa ndigwira nalo chiyani?"

"Msau wanga? Si wanu?"

"Wathu bwanji? Ife tinaupeza. Si paja masau anu akagwera kwathu timatola n'kukubwezerani? Ndi nkhuni zanu zija tinakumangirani."

"Nanga tsinde si lili kwanu?"

"Koma nthambi zambiri zili kwanu."

Tinayang'anana kudzera m'masamba. Ine ndinasokonezeka kuposa poyamba. Ngati si wawo, si wanga, ndiye ndadula msau wa yani?

Yankho silinachedwe. "Mayo ine, msau wa amama!" Amenewo anali amake Misozi. Ndipo kumbuyo kwawo, atanyamula masaka opanda kanthu, kunali apongozi anga enieni, amene amakhala ku Boma n'kumagulitsa pamsika. Kani anabwera ndi galimoto ya m'mawa, anafikira kutchalitchi, kuti akatha mapemphero adzaone masau awo ngati apsa. Amake Misozi akuti anandiuza Lachisanu kuti kubwera alendo. Mwina anandiuzadi, ine mutu unali ku chitsamba.

Mukudziwa mwambo wathu, mkamwini ndi apongozi sitiyang'anana kumaso, tikakumana panjira wina amapatuka. Manje apongozi anaona mbali ya ine imene ngakhale mwambo sunaiganizirepo. Anatembenuka msangamsanga, n'kuyang'ana kunkhokwe, ndipo mlandu wonse anauzenga atandifulatira, kudzera mwa mwana wawo.

"Uwafunse atate ake Misozi, msau wanga unawalakwira chiyani?"

"Akuti msau wawo unakulakwirani chiyani?" anatero amake Misozi, ngati ine ndinali kutsidya kwa mtsinje.

"Muwauze amama kuti ndimayesa ndi wa a Tembo."

"Akuti amayesa ndi wa a Tembo."

"Ooo. Uwafunse, wa a Tembo ndiye amadula osapempha?"

Pamenepo ndinangoyang'ana mbuzi ija. A Tembo anayesa kundithandiza, anati iwonso amayesa ndi wanga. Apongozi anaseka kamodzi, kuseka kosakoma.

"Akamwini awiri, wina wa ku Nyimba, wina wa ku Katondwe, kupatsana msau wa eni! Msau umenewu tinausiya dala ine ndi malemu amake a mkazi wa a Tembo, tikugawana malo ano, inu musanadziwe n'komwe njira ya kuno. Chaka chilichonse ndimadzatola, anthu a ku Lusaka amachita kulimbirana. Mudzi wonse ukudziwa."

Ndipo mudzi wonse unali kudziwadi, kupatula ife amuna awiri. Amai Tembo anati iwo potumidwa ndi mabeseni sanadabwe, ankadziwa kuti akupereka kwa mwana wa mwini wake kuti asunge. Amake Misozi nawo ankayanika n'kumaika m'saka la amayi awo, limene ine ndinali kutapamo madzulo aliwonse. Ndinafunsa ndili momwemo kuti nanga bwanji simunandiuze? Amake Misozi anawerama, n'kundiyang'ana kudzera m'minga.

"Munandifunsa?"

Manyazi amene ndinamva pamenepo, anzanga, ndinalakalaka andisiye momwemo mpaka mvula. Koma a Tembo anavula jekete, anatenga chikwanje, n'kuyamba kundisadzira njira. Anatema nthambi za kumsana, ndinapuma. Amake Misozi anaponya chitenje kuti ndibise zobisika. A Tembo anafika kumiyendo kumene ndinamangika kuja, anatema kamodzi, kawiri, katatu, ine ndikuwalimbikitsa kuti temani ndithu, musaope. Kenako analeka.

"A Daka."

"Ee?"

"Msau uwu uli ndi zingwe?"

A Tembo anakoka kachingwe kamodzi, kanabwera ndi anzake, pamapeto pake panalendewera kachidutswa ka patapata kamene ndinamangirira ndekha kuti ukonde uziyandama. Kani pogubuduka paja tinakagwera pomwe ndinauyala, chitsamba chinaukulunga wonse pamodzi ndi miyendo yanga, ndipo pamene minga inasiya, chikwanje chinatsiriza, ine mwini ndikuchemerera.

A Tembo anakhala pansi ndi buluku lawo la Sondo, anagwira kumutu. Bwato lilipo, ubale ulipo, sitinayambane ngakhale pang'ono, koma choponya m'madzi palibe. Apongozi, ali chifulatire, anafunsa kuti kwachitikanso chiyani. Atauzidwa anati, "Uwauze asadandaule, agwira. Atole zonse zili muukondemo andiikire m'masaka."

Ndipo tinatoladi. Chigulireni ukonde umenewo sunagwirepo zochuluka ngati tsiku limenelo: masau masaka awiri, theka osapsa, ndi msodzi mmodzi wovala chitenje.

Masabata awiri ine ndi a Tembo tinakhala pamthunzi kuzula minga ndi kulumikiza zidutswa, pakhomo ponse pawiri ndiwo zili therere lokhalokha, mpaka Misozi anandifunsa ngati nsomba zinatha mu Zambezi. Ndinamuuza kuti zilipo mwanangu, zikupumula. Kuyambira pamenepo ine ndi nkhwangwa tinasiyana. Ngakhale udzu umere pakati pa chitseko changa, ndimaulambalala mwaulemu, n'kukayamba ndafunsa amake Misozi kuti kodi uwu ndi wa yani.