Nshawa za amake Esinala

Lolemba, 10 Novembala 1997

Zaboola thumba! Nalowa mu shedi kufuna khasu, pansi ponse makoko okhaokha. Tuvi twa mbewa pa shelefu, pa njinga yakufa ija, mpaka mu nsapato zanga za ku njanji. Ine nikuwodzera pa khonde, anzanga ali pa phwando.

Ni nshawa zambewu izi, chalimbana weniweni. Amake Esinala anabwera nazo kuchoka ku Katete atamanga pa chitenje, chaka chimene tinalowa muno mu komboni ya Linda. Chaka na chaka kubzala kuseri kwa nyumba, kukolola, kupatula zambewu. Ngakhale pa chilala chija, tikudya chimanga chachikasu, sanalole munthu kukhudza. "Mbewu sadya." Basi. Anatisiya mu Juni. Thumba ili ni lomaliza kusoka na manja awo. Mvula ikagwa nifuna nibzale. Zikatha izi, zatha.

Esinala, mwana wanga amene natsala naye pakhomo, akuti, "Atate, thirani mu chitini cha mafuta chija, mutseke." Chitini! Ine ninakula nikukumba mbewa, mudzi wonse unali kunidziwa. Lero nibisale mu chitini?

Zochita:
- maliwa anayi
- kutseka mauna
- pofika Lachitatu nkhani yatha.

Lachiwiri, 11

Kutentha! Nkhuku zonse zayasama.

Natchera maliwa. Miyala yaphanthiphanthi kulibe mtauni muno, nagwiritsa mabuloko. Kamtengo, kachingwe, nyambo. Nyambo nayo ni nshawa zomwezo, natapa dzanja limodzi m'thumba. Pepani amake Esinala, ni nkhondo.

BaHamoonga, neba wathu Mtonga, asuzumira pa mpanda: "Imwe ba kum'mawa muli na mwayi. Ndiyo yodyela nsima yabwela yeka pa nyumba, manje mulila chani?" Nawauza kuti mbewa yodya ni ya kutchire, yodya zaukhondo. Izi za mtauni zimadya sopo na makandulo, zimayenda ku chimbudzi. Sitidya. Aseka chabe. Munthu wa ng'ombe ungamuuze chani.

Lachitatu, 12

Zimene nagwira:
- diwa loyamba: nyambo yadyedwa, buloko ili chiimire
- lachiwiri: chimodzimodzi
- lachitatu: buluzi, wosalakwa
- lachinayi: chala changa chachikulu.

Chatupa monga mbatata. Bolopeni nikugwira na zala zitatu.

Esinala wanimanga chalacho. Wangotsuka chitini chija, waumitsa, waika pakhomo pa shedi. Nachilumpha polowa, nachilumpha potuluka.

Makoko ena atsopano. Thumba layamba kufota mbali imodzi.

Nabwereka pusi kwa baHamoonga. Kupempha kwa munthu amene anakuseka dzulo! Nafika apa.

Lachinayi, 13

Pusi uyu ni bwana. Mwana wa baHamoonga amaphika ku hotela ya azungu, ndiye pusi anazolowera makombo a soseji. Namupatsa kapenta, wanunkhiza, waniyang'ana monga namutukwana. Masana namupeza ali gone pamwamba pa thumba penipeni, kambewa kakudutsa pa mchira wake. Watsegula diso limodzi. Watseka.

Namubweza. BaHamoonga akuti, "Ninaibala kumuuzani, saziba nchito za manja uyu."

Napachika thumba ku denga na waya, pakatikati pa shedi. Nzeru za akulu. Dzuwa lisanalowe naona na maso anga: kamodzi kakutsika pa waya mutu pansi, monga azungu aja odziponya pa buliji atamanga chingwe ku miyendo. Koma azungu amakuwa. Aka kali phee, kakudziwa kumene kakupita.

Amake Esinala anali kuchita bwanji zaka zonsezi? Sinafunse na tsiku limodzi. Ine nimangodya.

Lachisanu, 14

Mitambo yayamba kuunjikana cha ku Zimbabwe. Nthawi ikutha.

Nasuntha katundu yense. Una waukulu uli pa kona, kuseri kwa mtondo wa amake Esinala. Ena atatu aang'ono natseka na matope osakaniza na magalasi a botolo. Watsala umodzi, dala.

Mawa nizichita monga kwathu: utsi. Udzu wouma, ndowe zouma, kuyatsa pakamwa pa una, kupemerera. Zimatuluka zitaledzera, iwe uli chire na chibonga. Sizinanikanikepo. Ndowe napempha kwa anthu a ngolo ku msika.

Esinala akuti, "Atate, kumudzi munali kufukiza pa munda. Munda ulibe denga." Mwana wobadwira mtauni adziwa chani za mbewa? Pakamwa monga amake.

Loweruka, 15

Sinifuna kulemba. Nilemba.

Esinala ali ku msika na salaula yake, zovala zakale zimene amagulitsa. Nayatsa bwinobwino. Utsi ukulowa. Nikupemerera na chivundikiro cha poto, mtima uli mbee. Kamphepo. Katoni yagwira moto. Masaka akale agwira. Tayala ya njinga! Nathamangira ku pompi, pompi ikungotulutsa mpweya. Madzi kulibe kuchokera m'mawa. Ninali kudziwa. Naiwala.

Thumba lili m'mwamba pa waya, pamene ninalipachika ine mwini, pamwamba pa moto penipeni monga nyama yowamba. Naona likung'ambika kunsi.

Azimayi a mu laini yathu na mabaketi a madzi ochapira. BaHamoonga na fosholo, kuthira mchenga. Nyumba yapulumuka. Shedi yatsala malata atatu na mtondo wakuda mbali imodzi. Nsidze zanga zapita.

Mbewa? Zatulukira una wina umene sininauone, pansi pa mpanda. Mzere, osathamanga n'komwe, mpaka mu galaja ya baHamoonga.

Linda yonse ikununkhira nshawa zokazinga. Mayi wina wodutsa akuti, "Mwayamba bizinesi, bashikulu?"

Esinala pobwera waima, wayang'ana. Watola chitini chija pamene chinagwera, wapukuta na chitenje. Sichinapse. Bola akanakalipa.

Lamulungu, 16

Ku tchalitchi sinapite. Na nkhope iyi? Nkhani yafika kale yokha.

Esinala wasefa phulusa, watola zimene sizinapserere. Lichero limodzi. Zokazinga sizimera, na mwana adziwa.

Nakhala pa mtondo nthawi yaitali. Kenaka nakumbuka chinthu chimodzi chimene ninadziwadi pa unyamata: mbewa imakhala na nkhokwe yake. Khasu mpini unapsa, nakumba na chitsulo chokha, kutsata una. Mawondo akulira. Mkono umodzi pansi, kachipinda. Nshawa zaziwisi, m'makoko mwake, zounjika bwino kuposa mmene nimaunjikira ine. Zadzaza kapu yanga ya tiyi na theka.

Ndiye ni izi. Zimene ninali kulonda ine zapsa, zimene zinabedwa ndiye zatsala. Mizere iwiri mwina, pamene amake Esinala anali kudzaza kuseri konse.

Nathira mu chitini. Natseka. Esinala anali pafupi, wayang'ana kumbali kuti nisachite manyazi. Analeledwa bwino, osati na ine.

BaHamoonga pa mpanda, lero saseka: "Balendo banu bafika ku galaja, badya kale mpando wa motoka. Nichite bwanji?" Nawauza kuti safunsa munthu wopanda nsidze.

Kukugunda kutali. Mwina Lachiwiri igwa.

Zokazinga zija Esinala wasinja, watendera repu. Zaka zonsezi amake sanalawe mbewu na imodzi yomwe, ine nazimaliza sabata imodzi. Akuitana kachiwiri. Nipite nikadye, zingazizire.