Zibaluni pa Sitolo ya Zamaliro

Kwa Mkulu Woona za Maonekedwe a Masitolo Onse,
Kulikulu, Melbourne.

Bwana wolemekezeka,

Ndine Noeleen Tregear wa ku Devonport, kamunthu kosayenera n'komwe kukulemberani. Pa masitolo khumi ndi awiri a pa intaneti a kampani yathu, ine ndimayendetsa ija yogulitsa timabokosi tosungiramo phulusa la omwalira, mtembo ukatenthedwa.

Choyamba, ndikuthokoza poveka masitolo onse yunifolomu imodzi. Amati mutu umodzi susenza denga, koma wanu wasenza madenga khumi ndi awiri. Mukangodina batani kumeneko, tonse timadzuka titasintha nkhope.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha zibaluni. Ndikudziwa kuti munazikonzera sitolo ya zamaphwando a ana, koma mtima wanu wopatsa sunafune kutimana. Lolemba bambo Desmond Haywood, nkhalamba ya zaka 79, anagula kabokosi ka akazi awo, mayi Lorraine, omwe atisiya sabata yatha. Atangolipira, zibaluni zinayamba kuuluka pakompyuta pawo, kalipenga kanalira, ndipo panatuluka mawu ofiira akuti, "Mwachita bwino! Phwando liyambe!" Anandiimbira foni. Sanakalipe ayi, anangofunsa ngati pali pomwe analakwitsa podina. Ndinalira, bwana, ndipo manyazi ake sanandichokebe.

Chachitatu, pansi pa chithunzi cha kabokosi kalikonse tsopano palembedwa kuti ukagula tiwiri, kachitatu n'kaulere. Kuona patali kotereku ife a kuno tilibe.

Ndinayesa kuzimitsa zonsezi, koma ndinapeza kuti pozimitsira munakhomapo. Ofesi yanu inandiyankha mwaulemu kuti masitolo onse ndi banja limodzi, ndipo dandaulo langa lidzaonedwa mu Malichi. Mayi Petrakis, okonza maliro omwe akhala akunditumizira anamfedwa kwa zaka zisanu ndi zinayi, alibe kuleza mtima ngati kwanu. Akuti zibalunizo zikafika Lachisanu zikuulukabe, dzina langa sadzalitchulanso kwa munthu.

Sindikupempha kuti muzichotse; ndine yani ine? Kapempho kanga n'kakang'ono. Mwambo wotsanzikana ndi mayi Lorraine ulipo Lachinayi masana, ndipo ndege ya m'mawa imafika nthawi yabwino. Ndakusungirani mpando kutsogolo kuti mudzawafotokozere nokha bambo Haywood ubwino wa yunifolomu. Ana awo aamuna atatu, onse osenza katundu padoko, akufunitsitsa kukugwirani chanza.

Ine wanu wogwada,
Noeleen Tregear