Tsiku limene ndinagwetsa eriyo ya a Mbewe

Pali anthu ku Chadiza amene mpaka lero akandiona amayamba kuseka ndisanawapatse n'komwe moni. Sindiwada ayi. Ndikanakhala iwo, nanenso ndikanaseka.

Anali masiku a chipani chimodzi aja, ndipo mbali yathu ya pa boma tivi inali imodzi yokha, ya a Mbewe a sitolo. Inkayendera batire la galimoto. Eriyo yake anaimangirira pansonga pa nsungwi yaitali pafupi ndi zenera, ndipo ikangopotoka pang'ono zithunzi zinkathawa n'kutsala timadontho tokhatokha timene tinkati mpunga. Katswiri wopotoza nsungwiyo ndinali ine (udindo umenewu palibe anandipatsa, ndinadzisankha ndekha).

Chimene chinkatisonkhanitsa Lamlungu madzulo chinali mpikisano wa mafunso wa ana a sekondale. Ine ndinali ndi matenda anga: wofunsa asanamalize funso, ndakuwa kale yankho. Ndikalasa, pamsika ankandimva sabata yonse. Ndikaphonya, ndinkati wofunsayo ndiye sanafunse bwino.

Ndiye tangoganizani, mwana wanga woyamba Zelipa, amene anali pasukulu yogonera komweko ku Chipata, anamusankha kuti akaimire sukulu yawo pa mpikisanowo ku Lusaka. Ndinauza aliyense, ngakhale amene sanandifunse. Alamu anga anachita kuchokera ku Zemba wapansi kuti adzaone mwana wa mlongo wawo ali m'galasi.

Tsikulo nyumba ya a Mbewe inadzaza mpaka pakhomo. Ine ndinavala jekete la kutchalitchi n'kukhala kutsogolo kwenikweni. Nyimbo yotsegulira itangoyamba, kunja kunawomba chimphepo, tinamva kuti thyo! Pa tivi mpunga wokhawokha.

"Atate ake Zelipa, thamangani!" anakuwa mkazi wanga.

Ndinapeza nsungwi yathyokera patsinde, chiswe chitaidya kalekale. Ndinaidzutsa, ndinaikumbatira, n'kuyamba kuipotoza pang'onopang'ono.

"Pomwepo! Pomwepo! Musagwedezekenso!" anatero a Mbewe pazenera.

"Wina abwere adzandigwirire!"

Anabwera alamu anga. Nditangowapatsira, m'nyumba monse munamveka kudandaula. Mpunga.

"Bwererani inu!" anakuwa a Mbewe. "Imadziwa manja anu imeneyo!"

Ukatswiri umene ndinkadzitama nawo uja unandimangirira panja ngati mbuzi. Alamu anabwerera m'nyumba n'kukhala pampando wanga (ndinawamva akuukoka, ndipo nkhani imeneyi sitinaimalize mpaka pano).

"Uyo Zelipa! Amuonetsa!" anandiuza a Mbewe.

"Akuoneka bwanji?"

"Ngati inu, kungoti iyeyu ndi wokongola."

Anthu anaseka, inenso ndinaseka, koma mtima unkandiwawa kwambiri. Mawu a mwana wanga ndinkawamva patalipatali, akuyankha Chingelezi chosalala, anthu akuwomba m'manja, ine ndikuyang'ana khoma. Kuwonjezera apo, chiswe chimene ndinachiphwasulira nyumba chija chinayamba kukwera m'buluku. Ndinangoluma mano.

Kenako a Mbewe anatsitsa mawu. "Afanana mapointi. Latsala funso limodzi, ndipo ndi la Zelipa. Akuti likulu la Mozambique kale linkatchedwa chiyani?"

Abale anga, malire a Mozambique ali pafupi ndi kwathu kuno. Yankho linandituluka lokha. Ndinati ndingosuzumira kamodzi, ndione nkhope ya mwana wanga, ndimuthandizeko (inde, ndikudziwa kuti ku Lusaka sakanandimva). Ndinatambasula khosi kuloza pazenera n'kukuwa kuti, "Lourenço Marques!"

Nsungwi inapulumuka m'manja. Inagwera padenga la malata ndi phokoso loti agalu onse a pa boma anauwa. Eriyo inapindika, waya anazuka. Chimene ndinaona pazenera paja ndi mpunga, ndi nkhope zambirimbiri zitatembenukira kwa ine. Mkazi wanga anatuluka, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwayankha bwino," anatero, n'kumapita kunyumba.

Palibe anadziwa mmene mpikisano unathera, choncho Chadiza anagawikana. Ena ankati milomo ya Zelipa inali itasongoka kale, ndiye kuti ankanena yankho lolondola. Ena ankati ayi, inali yotsekeka, ankafuna kunena Beira. A Mbewe ankalumbira kuti mwanayo ankamwetulira, alamu anga ankati kunali kunjenjemera. Mtsutso unkayambira pamsika, kukafika pachigayo, Lamlungu n'kupitirira panja pa tchalitchi. Chimodzi chokha ndicho onse ankagwirizana: wolakwa ndi ine.

Sukulu atatsekera, Zelipa anatsika basi koma sanadzere pamsika. Anazembera njira ya kuseri, n'kufikira m'nyumba misozi ili chuchuchu.

"Atate, mundikhululukire. Ndinati Beira. Tinaluza chifukwa cha ine. Ndakuchititsani manyazi pamaso pa anthu onse, temu yonse sindimagona poganiza kuti ndidzayenda bwanji kuno."

"Pukuta misozi, mwanawe," anatero mayi ake. "Palibe anaona. Atate ako anagwetsa eriyo."

Anamufotokozera zonse, osasiyako ngakhale za chiswe. Zelipa anandiyang'ana, kenako anaphulika kuseka mpaka anakhala pansi. Ndinamva chimwemwe chimene sindinachimvepo chigwetsere nsungwi ija. Mwana wanga pa tivi sindinamuone, ndipo mwayi umenewo sunabwerenso, koma manyazi ake onse ndinali nditamusenzera ine osadziwa.

Munthu wanzeru akanangokhala chete pamenepo. Ine ndinakhosomola pang'ono.

"Koma iwe Zelipa, Beira zoona? Malire ali pompano apa?"

Mayi ake ananditsina pantchafu mpaka dzina la mzinda uja nanenso linandithawa.